Mapazi a Atate ndi Mapilisi Oyera

Okondedwa alongo anga a Ednah,

Muli bwanji ku Bundabunda? Nanga atate adzuka bwanji? Ine kuno ku Solwezi ndili bwino, fumbi lokha ndi limene latikwana. Ndalemba kalata dala, chifukwa foni ya pakhomopo masiku ano amayankha ndi amalume a Yotam, ndipo sindikuwakhulupirira.

Ndamva kuti mapazi a atate achita dzanzi, akuyaka ngati aponda moto, mpaka patapata inavuka panjira iwo osadziwa. Ndamvanso kuti amalume akuti mlamu wathu Mirriam anatapa dothi pamene atate anaponda, ndiye Loweruka mukumubweza kwawo. Anamuona ndani akutapa? Nanga liwiro lonseli n'lachiyani? Paja chiwakanizire kuotcha makala m'munda wa malemu mwamuna wake, amalumewo samuyankha moni.

Sindinama, nanenso ndinamukayikira. Koma anzanga a kuntchito, ba Kabwe, miyendo inawachita chimodzimodzi. Kuchipatala atawafunsa zimene amamwa, anatulutsa mapilisi oyera owawa aja, opha tizilombo ta m'mimba. Anawauza kuti amenewo ndi a masiku ochepa chabe, ukamwa miyezi amawononga mitsempha ya kumapazi, ndipo ena sachira msanga.

Alongo, mapilisiwo ndinawazindikira. Ndi omwe aja atate anapatsidwa kukiliniki chaka chatha, a sabata imodzi. Atatha anandipempha ena poti anawathandiza. Ine ndi nzeru zanga zopusazi, mwezi uliwonse ndimagula pakantemba, kagolosale ka m'mbali mwa msewu, popanda pepala la dokotala, n'kupatsira kondakitala wa basi. Miyezi isanu ndi iwiri! Wogulitsayo ankangonditamanda kuti ndine mwana wosamala makolo. Kuopsa kwake ankakudziwa ameneyo.

Pempho langa ndi limodzi. Tsegulani chitini chili pansi pa bedi la atate, mutenge mapaketi onse, ndi opanda kanthu omwe, mupite nawo pamodzi ndi atate kuchipatala ku Chongwe Loweruka lisanafike. Asamwenso. Amalume musawauze za ulendowu, angakutsekerezeni ndi nkhani za ng'anga.

Mirriam asachoke pakhomopo. Amalume akaumirira kuti akufuna amene wapha mapazi a atate, muwawerengere kalatayi onse akumva. Munthuyo ndine.

Moni kwa atate, azakhali ndi ana onse. Mlamu wanga mumuuze kuti manyazi andigwira.

Ndine mlongo wanu,
Kondani