Chithunzi cha asewere

Loweruka madzulo, nditangovula nsapato. Miyendo yatupa, koma chikundiwawa kwambiri ndi mtima.

Lero mdzukulu wanga Tamanda anatitengera ku Monkey Bay, ine ndi asewere anga Abiti Saidi, agogo ake a kuchimuna. Amafuna tikaone bambo wina wojambula ndi penti amene amamutama usana ndi usiku. Luso ali nalo, sindinama. Chambo chimene wajambula pakhoma ungachithire mchere.

Bamboyo anatiyang'ana tonse awiri, kenako n'kuloza asewere. "Amayi, takhalani apa. Nkhope yanu ikulankhula."

Ikulankhula chiyani? Za fodya wa m'mphuno? Ine ndinadzola mafuta, ndinamanga duku latsopano, koma ntchito yanga inali yogwirira anthu chikwama. Iwo ali pampando khosi njo, ngati nkhanga.

"Asewere, mano ndibise?" anandifunsa Abiti Saidi.

"Mubise ati? Alipo?" ndinatero. Tamanda ananditsina.

Pobwerera chithunzicho chinakhala pamiyendo panga mpaka pa Liwonde, eni ake akusinza m'minibasi. Tamanda akuti akachipachika pabalaza kwake ku Balaka. Ndiye kuti ana ake adzakula akuloza khoma kuti, "Awo ndiwo agogo." Ine amene ndinamubereka kumsana mayi ake ali kudimba, nkhope yanga idzapita nane kumanda.

Iwe amene uwerenge izi, ukamuuze Tamanda kuti khoma lakelo ndinaliyeza kale ndi maso, anthu awiri akwanapo. Koma afulumire, ine si mwana.