Atomu Yachitatu

LACHITATU

Zakia 10:12
swadick ma tick ali blue, ndikudziwa wawerenga

Zakia 10:13
a wadi a ku namwera aja atumanso anthu kudzandifunsira. amalume akuti awayankha lachisanu akachoka ku mzikiti. iweyo ungoimbira amalume ako akaonekere kwathu, basi

Swadick 13:40
sorry zaki, foni timasiya panja pa lab. lero zatheka!! ndalowetsa ion imodzi ya barium mu gas wa rubidium wozizira pafupifupi absolute zero

Zakia 13:41
mashallah. germany yonse ivine. ine ndili pa depot ya mangochi ndi cooler box, ma freezes asungunuka onse

Zakia 13:44
paja pondiphunzitsa physics ya form 4 unkati snow tidzakaiona limodzi. ndimailotabe mpaka pano, chitsiru ine

LACHINAYI

Zakia 07:05
ok tandiuza za ion yakoyo, mwina ukatero uyankha

Swadick 07:09
🎤 voice note (3:52)

Zakia 07:10
bundle ndilibe bwana, lemba

Swadick 07:16
kkk. ion ija ndi mlendo mu gas, imakoka ma atomu oyandikira. zikakumana zitatu, iyo imagwirana ndi atomu imodzi nkukhala molecule. yachitatu imanyamula energy yotsala nkuthawa mu trap momwe timazisungira

Zakia 07:17
ziwiri zokha sizingagwirane osathamangitsa ina?

Swadick 07:19
nzovuta. pamafunika yonyamula energy ija. mutu uli nawo iwe

Zakia 07:19
amalume ako wawaimbira?

Swadick 12:31
zaki prof akufuna nditsale ndipange phd. ndavomera. ndiye amalume akanena chani kwanuko, kuti mudikire mpaka liti?

Zakia 12:32
akanene zomwezo!! ndidikira. koma abwere munthu wamiyendo, kwathu samva za pa whatsapp

Zakia 16:48
swadick plz

LACHISANU

Zakia 13:20
amalume anga atuluka ku mzikiti

Zakia 13:52
lorry ya a wadi yaima pa mango paja. nsapato zadzaza pakhonde

📞 missed voice call (Zakia) 13:55

Zakia 14:03
njinga iliyonse ikadutsa ndikumasuzumira, mwina ndi amalume ako

Zakia 14:37
amayi akuimba nthungululu. amalume avomera za a wadi

Zakia 14:58
funso limodzi la physics, sir. atomu yachitatu ija ikathawa imakathera kuti? kapena makina anu saitsatira nkomwe ✓✓