Maluwa Anu a pa Guwa

Amake Tiyamike,

Ndathamangira ku Mwami, lole yanga ya feteleza yaima pa boda. Mukasuzumira kuseri kwa nyumba musakomoke. Maluwa aja mumasungira kuti mukakongoletse guwa kutchalitchi mawa, ndathyola ndine, onse.

Paja mukudziwa kuti ndayamba kujambula. Ku Joni ndinaona ndi maso angawa anthu akulimbirana chithunzi cha duwa limodzi lokha. Ndiye ine, munthu woyamba ndi wilibala n'kufika pa malole atatu, duwa lingandikanike? Ndinawaika patebulo padzuwa kuti ndiziwaona bwino, monga amachitira akatswiri ku Dar es Salaam. Pofika masana onse anali atafota, mitu zyoli! Maluwa a kuno alibe chipiriro.

Koma musade nkhawa, chithunzi ndamaliza. Chili pa thabwa lalikulu pakhonde, ndajambula ndi penti yotsala kushopu. Yofiira inandithera panjira, n'chifukwa chake marozi enawo ndi obiriwira. Amai Dolika, apampando a mphakati wanu, anadutsa n'kufunsa ngati ndi kabichi. Musawayankhe, munthu sanapitirirepo pa Katete.

Mawa mulawire, mukachiimike pa guwa Misa isanayambe. Ponyamula gwirani m'mbali, penti sinaume. Muwauze Bambo Mfumu kuti maluwa awa safuna madzi, afika mpaka Pasaka. Pepani ndithu, amai, sindinadziwe kuti anuwo ndi ofooka chonchi.

Akristu akafunsa wojambula, musabise dzina. Maoda ndiyamba kulandira Lolemba.

Ndine mwamuna wanu,
Philemon