Okalamba Amene Sabwera Kudzalandira

Lachiwiri, 9 Okutobala

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti mwendo uja wayamba kuphwa. Ine m'thupi ndili bwino, koma mtima uli m'mwamba, ndipo ndilibe wina womuuza.

Paja mukudziwa kuti ntchito yathu ndi kuwerengera ndalama zimene zingafunike lamulo likasintha. Mwezi uno anatipatsa nkhani yokweza thandizo la okalamba. Anzanga anangowerengera okhawo amene amabwera kudzalandira, ndalama n'kuoneka zochepa, abwana n'kusangalala. Koma Amayi, mwa okalamba khumi oyenera kulandira, anayi sabwera n'komwe. Ena sadziwa, ena mzere umawagonjetsa, ena amachita manyazi ngati inuyo. Thandizo likakwera adzabwera onse, ndipo zimene tinawerengerazo sizidzakwana.

Pamsonkhano ndinaimirira n'kunena zimenezi. Abwana anavula magalasi, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwana wanga, amene sabwerawo ndi amene akutisungira ndalama. Usawadzutse."

Kenaka anauza mlembi kuti awonjezere mfundo yoti wokalamba aliyense azikaonekera yekha ku ofesi yaikulu, osatuma mwana. Ine ndinangoona inu mukukwera masitepe aja ndi ndodo yanu.

Chiyambire tsikulo sandiitananso kumisonkhano. Tebulo langa analisunthira pafupi ndi chitseko, ndipo mnzanga amene tinkadyera limodzi masana, masiku ano amangoti wakhuta. Dzulo ndinapeza madirowa a tebulo langa wina atawafufuza. Mlembi akamadutsa ndi envulopu, ndimayesa ndi kalata yondichotsa ntchito mpaka ataipereka kwa wina. Mdzukulu wanu sindinamuuze kanthu, iye akudziwa kuti ndikudwala mutu basi.

Pempho langa ndi ili: pitani mukalembetse mwezi uno usanathe, mfundo ija isanayambe kugwira ntchito. Ndikudziwa mumati simunabadwire kupemphetsa, koma uku si kupempha, ndi zanu. Achimwene akuperekezeni. Muwatengenso mayi osoka zovala aja a kuseri kwa nyumba, chokhacho musatchule kuti mwamva kwa ine, ngakhale kwa alamu, poti pakamwa pawo mukupadziwa.

Mupereke moni kwa achimwene ndi ana onse. Mundikumbukire m'mapemphero. Mukadzandiona ndikutsika basi ndi katundu yense, musadzandifunse pamaso pa anthu. Mudzangotiyalira pogona ine ndi mwanayu, zina tidzakamba kukacha.

Ndine mwana wanu,
Mzime