Jekete ya Misozi

Lachitatu. Kunja kwazizira koluma zala, koma ine mtima watentha tsiku lonse.

M'mawa ndinavala jekete ya usilikali imene mwana wanga Misozi anaiwala kuno atabwera pa holide, n'kupita nayo kukagulitsa tomato kumsika wa Kanyama. Anzanga anaomba m'manja. Amake Juniya, omwe aja ankati mkazi sangaukwanitse usilikali, anandijambula pa foni. Ndinaima njo ngati mzati wa magetsi.

Masana Misozi anaimba. Chithunzi chija chinali chitafika kale kukampu.

"Amama, vulani manje manje! Munthu wamba savala vamene ivo. Mufuna banimane usajenti mwezi wamawa?"

Ndinavulira pomwepo, makasitomala akuyang'ana, n'kutsala ndi kabulauzi. Ndinamukumbutsa kuti mayunifolomu ake onse kuyambira giredi wani ndinkachapa ndine. Anangoti, "Iyi si yanu, amama," n'kudula foni.

Zandiwawa. Koma wanena zoona. Mwanayu waithamangira zaka zambiri mizere itatu ya usajenti ya paphewayo, ndipo sindingamutayitse chifukwa chofuna kutseka pakamwa amake Juniya.

Jekete ndaichapa, ndaisita, ili m'pulasitiki. Mawa ndikwera minibasi kukaisiya ndekha pageti la kampu. Ngati akuluakulu ake akufuna womukalipira, akandikalipire ine.

Pobwerera ndidzera kwa ba telala ndi chitenje changa chobiriwira, andisokere diresi ndi duku lomwe. Tsiku lomuveka Misozi usajenti ndikakhala mpando wakutsogolo, ndipo ndikamuone amene akandiuze kuti vula.