Mkazi Wanga Akuikira Kumbuyo Mkazi wa mu Filimu

Aphungu,

Ndine mlangizi wa zaumoyo, ndili ndi zaka 34. Mu Januwale 1987 boma lidanditumiza ku Makanjira, komwe ndidakhalako zaka ziwiri ndi miyezi itatu. Mkazi wanga Matilda adatsala pa boma la Mangochi ndi mwana wathu Jestina, chifukwa amaphunzitsa pa pulayimale. Msewu wa ku Makanjira sudutsika nthawi ya dzinja, choncho kunyumba ndinkabwera kawiri kapena katatu pa chaka. Mu Epulo chaka chino adandibweza pa boma.

Ndidapeza zinthu zitasintha. Pochoka, kanema amene tinkamudziwa ndi wa pa galimoto uja, wa ulimi ndi katemera. Tsopano kuseri kwa msika kuli Che Atumani, amene adagula vidiyo ndi jenereta, ndipo amaonetsa mafilimu Loweruka lililonse masana. Anzanga kuntchito nkhani yawo ndi yomweyo, ine kukamwa yasa. Ndiye ndidauza mkazi wanga kuti tizipita, ndione zomwe zidandipita.

Taonera mafilimu asanu ndi imodzi. A karate awiri sadandigwire mtima: munthu mmodzi kugwetsa anthu makumi awiri, malaya ake osang'ambika n'komwe. Yachimwenye nyimbo zake zidali bwino, koma kutalika, ndidasinza pakati. Awiri a apolisi othamangitsa mbava ndidawakonda ndithu.

Vuto lidabwera ndi yomaliza. Ndi ya msilikali amene adapita kunkhondo kutali. Mkazi wake adadikira zaka osalandira uthenga, kenaka adayamba kuzolowerana ndi bambo wina wokonza mawotchi. Awiriwa atalowa m'nyumba filimu idadumpha, paja mbali zina amadula. Msilikali atabwerako, mkaziyo adamulandira bwinobwino, koma mapeto ake adanyamula sutikesi n'kupita.

Tikuyenda kubwerera kunyumba ndidati, "Mkazi uja ndi njoka."

Matilda adayankha mosakweza mawu, "Ine ndikumumvetsa, bambo a Jestina. Si chapafupi kukhala ngati wamasiye mwamuna ali moyo."

Nditafunsa chomwe akutanthauza, adangoti, "Ndikunena za filimu."

Patapita masiku, Che Atumani adandiuza mongocheza kuti, "Filimu ya msilikali ija ndiye madamu amaikonda, aionera katatu." Nditamufunsa mkazi wanga, sadakane. Adati ankapita ndi mnzake Alima, yemwe ndi namwino.

Sitidakangane. Amaphika, timadya, Lamulungu timapita kutchalitchi. Mphekesera ya iye sindidamvepo. Koma papita milungu itatu ndikungoyang'anitsitsa mwamuna aliyense amene wamupatsa moni. Ndaganiza zoitana ankhoswe kuti afotokoze pamaso pawo. Ndisabise, nthawi yonse ija ndidamulembera makalata atatu okha, poti ndidalibe nkhani yolemba. Kodi mkaziyu pamenepa adaulula, kapena ndikungodzivuta?

F.H.M., Mangochi.

Bambo F.H.M.,

Ankhoswe asiyeni azigwira ntchito zawo. Mukawaitana muwauza chiyani? Kuti akazi anu adamvera chisoni munthu wa mu filimu? Adzakusekani pobwerera, ndipo amayiwo manyazi amenewo sadzawaiwala.

Umboni mulibe, mwanena nokha. Mkazi amene ali ndi chobisa sangakhale nanu benchi limodzi kuonera filimu yotero, n'kukuuzani poyera kuti wochimwayo akumumvetsa. Akadayamba ndi iwo kumutukwana, kuposa inu. Ndipo paja filimu idadumphapo musamatepo akazi anu. Zimene simudaone zisiyeni choncho.

Yankho lili kumapeto kwa kalata yanu: makalata atatu pa miyezi 27. Mukuti mudalibe nkhani. Lole itatitimira m'matope si nkhani? Udzudzu wa ku Makanjira? Chambo chimene mudadya nokha n'kuwakumbukira? Munthu wotsala pakhomo safuna nkhani zikuluzikulu, amangofuna kudziwa kuti sadaiwalidwe. Ine ndikuganiza kuti filimuyo adaionera katatu chifukwa cha kudikira kuja, osati chifukwa cha wokonza mawotchi. Mwina ndalakwitsa, koma inunso simudziwa, poti simudafunse bwino.

Chitani izi. Pezani nthawi muli awiri, Jestina atapita kosewera. Musayambe ndi "munkapita ndi yani". Nenani kuti, "Amayi a Jestina, ndidakulakwirani posalemba. Tandiuzani mmene munkakhalira." Mukatero tsekani pakamwa, mumvetsere mpaka amalize, ngakhale zina ziwawe. Musadziteteze ndi za msewu. Ngati pambuyo pake mtima ukadali m'mwamba, afunseni eni akewo kamodzi, mwaulemu. Musapite kwa Alima, ndipo kwa Che Atumani musakafufuze. Pa boma laling'ono ngati lanulo, funso lofunsidwa pamsika m'mawa limakhala mlandu pofika masana.

Kukanema musaleke kupita. Koma potuluka muziyamba mwamva maganizo awo musanagamule anu.

Chenjerani ndi ichi: mkazi akayesa kunena zakukhosi n'kuyankhidwa ndi bwalo, sabwerezanso. Mudzakhala nawo zaka makumi atatu mukungomva "palibe kanthu", ndipo zikafika pamenepo ngakhale ine sindidzatha kukuthandizani.

Aphungu.