Nkhope ya Dalaivala pa Chosema cha Malemu Khansala Sikota

Komiti ya Osemasema a pa Mukuni Park, Livingstone
Tsiku: Lachiwiri, 14 Meyi 2024
Malo: Mushedi ya kuseri kwa msika
Opezekapo: Ba Mukumbuta (wapampando, mphwake wa malemu), Ba Nawa (mmisiri wamkulu), Lungowe, Dabwitso, Chipego Mwiinga (mlembi)
Mlendo: Mayi Sikota, mkazi wa malemu
Opepesa: Ba Inyambo (maliro ku Sesheke)

1. Kutsegula
Wapampando anatsegula msonkhano 10 koloko m'mawa. Anakumbutsa mamembala kuti Loweruka likubwerali tivundukula chosema cha malemu Khansala Sikota, amene anatipezera malo ogulitsira zaka makumi atatu zapitazo.

2. Kuonetsa chosema
Ba Nawa anachotsa nsalu imene inaphimba chosemacho. Anati anasema potsatira chithunzi chimene chakhala mushedi muno kuyambira tsiku lolandira mapepala a malo. Mamembala anaomba m'manja. Mayi Sikota sanaombe. Anavala magalasi, nayandikira, nati: "Uyu si mwamuna wanga. Uyu ni Mweetwa, dalaivala wathu."

Ine mlembi cholembera chinandipulumuka.

3. Mmene zinachitikira
Mayi Sikota anafotokoza kuti malemu sanapondepo pamsika pano, chifukwa fumbi la mitengo ya mukwa imene timasema linkawatsokomoletsa. Madandaulo athu ankapita nawo kukhonsolo ndi Mweetwa, ndipo ndi iye anakakamira mpaka malemu anasaina. Tsiku la mapepala, malemu anamutuma yekha pagalimoto.

Ba Nawa anavomera kuti tsikulo onse anagwada n'kuomba m'manja kwa amene anatsika m'galimoto, monga mwa ulemu wathu, namujambula chithunzi chija poganiza kuti ndiye Khansala. Anafunsa kuti ndani angafunse munthu wamkulu dzina. Wapampando atafunsidwa chifukwa chake sanazindikire kuti si nkhope ya amalume ake, anati ankaganiza kuti chithunzicho n'cha paunyamata wawo. Zochititsa manyazi ndithu.

Lungowe anadziwitsa komiti kuti Ba Mweetwa ali moyo ku Dambwa North, ndipo amadutsa pamsika pano Lachisanu lililonse, palibe wowapatsa ngakhale mpando.

4. Chigamulo
Wapampando anati nkhope isemedwenso Loweruka lisanafike, poti alendo anaitanidwa kale ndipo banja lisanyozeke. Dabwitso anavomereza, ati mbiri imakumbuka wosaina. Ba Nawa anakana kugwira sompho, nati: "Ine ninasema munthu amene anabwera."

Mavoti: atatu akuti nkhope ikhale, dzina la pachosema lisinthe, awiri akuti dzina likhale, nkhope isinthe. Wapampando anatuluka.

5. Zina ndi zina
Mayi Sikota anapempha kuti akauze okha Ba Mweetwa, komanso kuti Loweruka adzakhale nawo pampando wakutsogolo.

Msonkhano wotsatira: Lachisanu, 17 Meyi, malo omwewo. Ba Nawa anatseka msonkhano 11:40 m'mawa.

Mlembi: Chipego Mwiinga
Wapampando: ndawapititsira kawiri, akana kusaina.